Madesiki a Maboma Awili

Chaka chimene maofesi a maphunzilo a ku Petauke ndi ku Nyimba anagwilizana zokhala ndi lole imodzi, dalaivala mmodzi ndi kalipentala mmodzi, anthu ambili anaseka. Ankati atambala awili salila m'khola limodzi. Koma boma lililonse palokha silikanatha kusunga galimoto ndi mmisili chaka chonse, choncho anaika shedi kuseli kwa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi malile, kuti madesiki othyoka a mbali zonse azikonzedwa pamenepo. Aphunzitsi anapatcha kumanda, poti kunkapita zakufa zokhazokha.

Amai Sophia Mumba sanaseke nawo. Iwo anali ahedi a sukulu ya Kalumphe, kwa Mwape, ndipo anali ndi chawo chowadya mumtima. Ana awo a giledi seveni ankakalembela mayeso ku sukulu ina, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Ankasenza ufa, nyemba ndi mabulangete, n'kukagona m'kalasi sabata yonse. Anyamata ankapita akuimba. Koma atsikana, makolo ambili ankakana, amvekele mwana wamkazi wotha msinkhu sagona kutali popanda amake kapena azakhali ake. Chaka chapitacho atsikana asanu ndi mmodzi anatsala kunyumba, zaka zonse za sukulu n'kuthela pakhonde.

M'mwezi wa Juni oyendela za mayeso anafika pa Kalumphe. Chipinda chosungilamo mapepala anachiyamikila, zimbudzi nazo anati zili bwino. Atalowa m'kalasi anapukusa mitu. Pa mayeso mwana aliyense amakhala pa desiki lake yekha. Ana anali makumi anai, madesiki amoyo khumi chabe.

"Tidzabwelanso Lachisanu lomaliza la Sepitembala," anatelo. "Tikadzapeza makumi anai, ana adzalembela pano. Likadzapelewela ngakhale limodzi, njila yakale mukuidziwa."

Sabata yomweyo Amai Mumba anatulutsa mitembo yonse ya madesiki imene inaunjikidwa kuseli kwa ofesi, naitumiza kushedi. Ndiyeno anayembekeza miyezi itatu.

Lolemba la sabata ya oyendela, Eddie dalaivala anadzawatenga ndi lole. Anali munthu wocheza, wodziwa dzenje lililonse la maboma onse awili, koma tsikulo nkhani zake zinali zozungulila. Akamufunsa za madesiki, iye ankayankha za mtengo wa nthochi.

"Eddie, atha kapena sanathe?"

"Atha, amai. Atha bwino kwambili. Vuto lake ndi lomwelo."

Anafika dzuwa lili paliombo. Pansi pa mitengo ya mango panali madesiki ali m'mizele, miyendo yopakidwa penti yabuluu, matabwa akuwala ngati apakidwa mafuta. Amai Mumba anatsika lole isanaime bwino. Anayenda pakati pa mizeleyo akugunda lililonse ndi chala, milomo ikugwedezeka. Makumi anai! Iwo ankasowa makumi atatu okha.

"Musawelenge za eni ake, aMumba, mungadwale maso."

Mawuwo anachokela pamthunzi wa shedi. Pamenepo panakhala aMorgan Mvula, ahedi a sukulu ya Chimphanje ku Msanzala, mbali ya Petauke, mwendo uli pamwamba pa unzake. Awiliwa anaphunzila limodzi uphunzitsi kalekale, komanso mitundu yawo ndi ya chimbuya: a Mumba ndi dothi, a Mvula ndi mvula, ndipo akakumana moni wawo ndi kunyozana. Mbuya wako ukhoza kumulanda nkhuku masana, iye n'kungoseka; koma tsiku la malilo ako ndiye woyamba kugwila khasu.

"Ndimati n'chiyani chikununkha chinyontho," anatelo Amai Mumba. "Kansi ndi mvula ija imangogunda osagwa."

"Dothi lopanda ine ndi fumbi chabe. Gwadani mundipatse moni."

"Mwadzatani kuno?"

"Kudzatenga madesiki anga. Ndinatumiza makumi asanu ndi limodzi. Awa ndiwo auka."

Kuseka kwa Amai Mumba kunazilala. Anawelama kuyang'ana pansi pa thabwa la desiki loyandikila. Pangano linali lomveka: katundu wa ku Nyimba ali ndi chizindikilo cha penti yachikasu, wa ku Petauke choyela, ndipo chilichonse chimabwelela kwao. Pansi pa thabwalo panalibe kanthu. Anayang'ana lachiwili, lachitatu, nayang'ananso miyendo. Kunalibe chikasu, kunalibe choyela.

"AZakeyo!"

Kalipentalayo anatuluka m'shedi pang'onopang'ono akupukuta manja pa ovololo. AZakeyo anabwela kuno ali mwana, atathawa nkhondo ya ku Mozambiki ndi makolo awo, ndipo umisili anauphunzilila kumsasa, kumene msomali umodzi unkawongoledwa katatu usanatayidwe. Sanali munthu wa mawu ambili. Anavula chipewa, naima ngati mwana amene waitanidwa ku ofesi.

"Ndifotokoze, amai. Abambo, ndifotokoze. Anu a ku Kalumphe, matabwa ndi mukwa weniweni, chiswe chinangolawa n'kulavula. Koma miyendo inadyeka ndi dzimbili. Ukawotchelela apa, pathyoka apo, ngati kusoka chigamba pa nsalu yofuka. Anu a ku Chimphanje, zitsulo n'zolimba, zikhoza kuona adzukulu. Koma matabwa aja ndi utuchi womata. Denga litasasuka anamwa madzi, anatupa ngati buledi."

"Ndiye?" anafunsa aMvula.

"Ndiye ndinayesa kutsata penti. Mbali iyi akanatuluka asanu ndi awili, mbali iyo khumi. Zotsala zonse n'kutaya. Ndinakhala masiku awili ndikuyang'ana milu iwiliyo, uwu uli ndi chimene uwo ulibe. Ndinaona kuti ndi tchimo." Anatembenuza chipewa m'manja. "Ndinawakwatitsa."

"Nanga zizindikilo?"

"Thabwa ndinapala, amai. Mwana sangalembe pa thabwa lobaya manja. Chitsulo ndinapala dzimbili n'kupaka penti. Za zizindikilo ndakumbuka sabata yatha, zonse zitauma."

Amai Mumba anafuna kukalipa, koma dzanja lawo linali likusisita thabwa lija, losalala ngati tsaya la khanda, ndipo mawu okalipila sanabwele. Pakona panali kabala kakale kamene anakazindikila. Linali thabwa la ku Kalumphe ndithu, limene mwana wina anaboola ndi kampasi ya masamu zaka zapitazo, ndipo aZakeyo anali atatsekapo ndi kamtengo kozungulila mwaluso.

"Palibe mlandu apa," anatelo aMvula. "Desiki ndi miyendo. Miyendo yonseyi ndi yanga."

"Mwana amalemba pa miyendo? Matabwa onsewa ndi anga."

"Tengani matabwa anu mukawayale pansi."

"Inunso tengani zitsulo zanu, ana akakhale ngati nkhuku pa chisanja."

Eddie, amene anali atatsamila chitseko cha lole akudya mango osapsa ndi mchele, analowelela. "Akuluakulu, kwathu kuno mwana ndi wa kwa amake. Tingopeza kuti mayi ndani, thabwa kapena chitsulo, nkhani yatha."

"Chonyamula chinzake ndiye mayi," anatelo aMvula.

"Mwana amatsamila pa amake," anayankha Amai Mumba, "ndipo amatsamila pa thabwa."

Onse anaseka, ngakhale aZakeyo anamwetulila pang'ono. Koma kuseka sikugawa katundu. Aliyense anatenga foni n'kupita pansi pa mtengo wake kukaimbila ofesi ya kwao, ndipo anabwelako ndi yankho lofanana: pangano silinaganizepo za desiki la mbali ziwili. Agawane pakati, kapena agwilizane okha n'kulemba kalata kuti maofesi onse adinde.

Kugawana pakati kunali makumi awili aliyense. Amai Mumba sanafunike pepala kuti aone pamene pakupelewela. Makumi awili ndi khumi lawo lija, makumi atatu. Ana khumi opanda pokhala, ndiye kuti onse makumi anai ayambe kumanga mitolo ya ufa.

Eddie anataya nthanga ya mango, nayandikila, natsitsa mawu. "Amai, lole ndi yathu tonse. Ndinyamule onse Lachinai. Oyendela aone Lachisanu, asaine, apite. Loweluka ndibweza a aMvula. Ndani adzadziwe?"

"Ine makutu anga ali ndi fumbi lelo," anatelo aMvula akuyang'ana kumwamba. "Sindinamve kanthu."

Amai Mumba anakhala pa desiki limodzi. Zoona, njilayo inali yosalala, ndipo mtima unawakoka. Koma anaona tsiku la mayeso m'maganizo mwao: olondela mayeso achilendo atafika, ana atakhala awiliawili, kalata italembedwa, dzina la Kalumphe litafafanizidwa pa mndandanda wa malo olembelapo mayeso mpaka kalekale. Anaganizanso za m'mawa uliwonse pamene amaima pamzele kuuza ana kuti woonela mnzake amadzinamiza yekha.

"Iyai, Eddie. Zikomo, koma iyai. Madesiki sindiwafunila maso a oyendela. Ndiwafunila ana pa tsiku lolemba." Anatembenukila kwa aMvula, ndipo nthabwala zinali zitachoka pankhope pao. "Abambo Mvula, ana anu a giledi seveni ali nao pokhala?"

"Ali nao. Awa ndi a giledi thu."

"Ndipatseni makumi atatu mpaka mayeso athe."

AMvula anatsitsa mwendo uja. "Mukananena kuti ndikupatseni njinga yanga, bwenzi mutakwela kale. Koma awa si anga. Makolo anawasenza okha pa ngolo kukafika pamsewu, ndipo ndinawalonjeza kuti ana achoka pansi mwezi uno. Ndikabwelela ndi khumi, ndikanene chiyani?" Anakanda kumutu. "Tiyeni mukawapemphe nokha mailo. Mlendo wa boma lina sangaime pamaso pa makolo athu kupempha katundu, koma mbuya wa ahedi akhoza. Akakutukwanani, ine ndidzaseka nao."

Anagona kwa mphunzitsi wina wamkazi pa sukulu ya pamsewupo, ndipo m'mawa Eddie anawapeleka ku Chimphanje. Makolo asanasonkhane, aMvula anatengela Amai Mumba ku kalasi ya giledi thu. Anangotsegula chitseko.

Munali ana oposa makumi asanu ndi awili. Ena anakhala pa njelwa, ena pa masaka a feteleza, ena pa simenti yokumbika. Anaimilila onse kupeleka moni, fumbi n'kukwela, kenaka anakhalanso n'kupinda misana, makope ali pa maondo. Kamtsikana kena ka pafupi ndi khomo kanagona chafufumimba kuti kalembe bwino, lilime lili panja. Amai Mumba anaima pamenepo nthawi yaitali. Mawu onse amene anakonza m'lole anawaona akuchepa.

"Mwandionetsa dala," anatelo atatuluka.

"Dala. Kuti mudziwe chimene mukupempha."

Makolo anakhala pamthunzi wa khoma la ofesi, amuna pa mabenchi awili, akazi pa zitenje. Wapampando wa komiti ya makolo anali Amai Joana, mayi wamfupi wa manja olimba, amenenso makolo awo anachokela kutsidya kwa malile nthawi ya nkhondo. AMvula anaimilila.

"Makolo anga, lelo ndabwela ndi wakuba. Uyu ndi Mumba, mbuya wanga wa ku Nyimba. Bisani nkhuku. Wabwela kudzaba madesiki athu masana, ndipo akuti mumuthandize kukweza m'lole."

Anthu anaseka, ndipo mayi wina wachikulile anafuula kuti a Mumba onse ndi otelo, ngakhale pamalilo amabwela ndi thumba. Kusekako kunatsegula njila. AMvula anafotokoza za aZakeyo ndi milu iwili ija, za zizindikilo zopalidwa, ndi za yankho la maofesi. Kenaka anakhala pansi.

Amai Mumba anaomba m'manja mwaulemu asanayambe. Sanakometse kanthu. Ananena za ulendo wa tsiku lathunthu, za kugona m'kalasi, za Lachisanu limene likubwela. "Chaka chatha ndinali ndi mtsikana dzina lake Abby. Masamu ankawamwa ngati madzi. Atate ake anati sapita kukagona kutchile, ndipo sindingawanene, chifukwa nanenso ndine mayi. Lelo mukadutsa pa Nyimba, pamene mabasi amaima, mudzamuona ali ndi beseni la nthochi pamutu. Chaka chino ndili ndi atsikana khumi ndi asanu ndi atatu. Ndaona ana anu m'kalasi umo. Sindinganene kuti vuto langa liposa lanu. Ndingonena kuti langa lili ndi tsiku."

Bambo wina wamtali, aJosphat, anaimilila chipewa chili m'manja. "Amai, mwalankhula bwino, ndipo tamva chisoni. Koma ana a ku Nyimba ali ndi boma lawo. Wanga wa giledi thu ndamugulila kabudula kawili chaka chino, njelwa yadya kumbuyo. Zilembo zake zili ngati mapazi a nkhuku chifukwa amalembela pa bondo. Tinasenza zitsulo zija ndi ng'ombe zathu. Lelo ziuke, zikatumikile kwina? Kugwilizana kwa maofesi n'kwabwino, koma kusakhale kwakuti wina alime, wina adye."

Ambili anavomeleza ndi mitu. Amai Mumba anadziwa kuti munthuyo sananame paliponse. Anangoyang'ana pansi, pamene nyelele zinali kukoka phiko la chiwala.

Amai Joana anakonza duku, nalankhula atakhala pomwepo.

"AJosphat, ng'ombe muli nazo zingati?"

"Mukudziwa, amai. Yolima ndi imodzi."

"Inenso imodzi. Nanga timalima bwanji?"

"Timamanga goli limodzi."

"Timayamba munda wa yani?"

AJosphat anaseka pang'ono, ataona kumene akupita. "Wanga."

"Chifukwa ndinu okongola?"

"Chifukwa uli kudambo. Tikachedwa madzi amadzala, ng'ombe sizilowa."

"Wanga wa kumtunda umadikila sabata yathunthu, mvula yoyamba ikundipita. Ndinayamba ndabwela kudzamasula ng'ombe yanga pakati pa mzele?" Anatembenukila kwa anthu. "Madesiki awa ndi goli. Chitsulo chathu pachokha sichilima, thabwa lawo palokha sililima. Munda wa amai awa uli kudambo. Ayambe ndi iwo."

Amai Mumba anayamba kuomba m'manja kuthokoza, koma Amai Joana anakweza dzanja.

"Musafulumile, sindinathe. AJosphat, mukatha munda wanu, wanga timalima theka?"

"Iyai, wonse. Ndipo ndimabwela ndi khasu kudzakonza m'mphepete."

"Eya. Ndiye amai, mutenge makumi atatu tsopano, ife titsale ndi khumi. Mayeso akatha, tisinthana. Makumi atatu akhale kuno, inu mutsale ndi khumi pa awa, mpaka Sepitembala wa chaka cha mawa, kapena mpaka mmisili uja atakwatitsa ena. Si theka ndi theka. Wodikila amadya bwino pambuyo."

Apa ndipo Amai Mumba anamva kulemela kwake. Kugawana pakati kukanawapatsa makumi awili chaka chonse. Tsopano mayeso akangotha ana awo ang'onoang'ono akanakhala ndi khumi okha pa atsopanowa, ndipo iwo akanayenela kukaima pamaso pa makolo a ku Kalumphe kufotokoza chifukwa chake matabwa awo a mukwa akwela lole kupita ku Petauke. Anaona kale nkhope za ena mwa makolowo.

"Ndavomela," anatelo.

"Nanga mvula ikafulumila?" anafunsa aJosphat. "Msewu wa kwa Mwape timaumva mbili yake. Mudzati lole yakanika kuwoloka, tidikile mpaka Epulo."

"Tsiku lomaliza mayeso, ana akangotuluka, madesiki akwela. Mtsinje ukadzakhala utadzala, tidzawasenza pamutu kukafika pamene lole yaima. Ine ndidzakhala patsogolo."

"Mulembe zimenezo," anatelo Amai Joana. "Za kusenza pamutu zikhalemo."

"Ndipo ine ndidzabwela kudzaonelela," anatelo aMvula. "Mumba atasenza desiki, chimenecho sindingaphonye."

Analemba kalata pamanja, pa pepala lochotsa pakati pa kope, makope awili. Anasaina ahedi onse, Amai Joana ndi aJosphat. Lachitatu Eddie anaithamangitsa ku Petauke m'mawa ndi ku Nyimba masana, ndipo inabwela ndi zidindo ziwili, china chopendekeka. Lachinai aZakeyo anakweza madesiki okha, akuika masaka pakati kuti penti isakandike, ndipo anakana kutsala. Anati msewu umenewo umamasula mabauti. Anakhala kumbuyo kwa lole ulendo wonse sipanala ili m'thumba, ndipo atafika pa Kalumphe anagwada pa desiki lililonse kulimbitsa, mpaka dzuwa linapendeka.

Woyendela anafika Lachisanu cha m'ma teni pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anali aConrad Sakala, munthu wa magalasi, wosaseka msanga. Anakana madzi, nati ayambe aona kalasi. Anayenda mzele ndi mzele. Anayeza ndi phazi mpata wa pakati pa madesiki. Anakhala pa limodzi, nadzigwedeza uku ndi uku, ndipo silinalile.

"Makumi anai," anatelo akutsegula faelo. "Mwagwila ntchito, amai. Onsewa ndi a sukulu ino?"

Cholembela chinali kale pa pepala. Mphunzitsi wa giledi seveni, amene anaima pakhomo, anayang'ana Amai Mumba ndi maso opempha.

"Khumi akalewo ndi athu," anatelo Amai Mumba. "Makumi atatu abuluuwa, matabwa ndi athu, miyendo ndi ya sukulu ya Chimphanje ku Petauke. Akhala pano mpaka mayeso athe. Akatha, makumi awili apita kumeneko, ndipo adzabwelanso Sepitembala."

Cholembela chinachoka pa pepala. "Ndiye kuti ndi obweleka."

"Iyai, abambo. Sitinabweleke kwa munthu. Ndi a tonse, monga lole ija."

"Pa fomu yanga palibe malo a zimenezo. Pali akuti a sukulu, ndi akuti obweleka. Obweleka sitiwelenga, chifukwa tinaona zambili. Timasaina lelo, mailo lake kalasi ili mbee."

Amai Mumba anatulutsa kalata ija m'thumba la jekete, naipeleka ndi manja awili. ASakala anaiwelenga ataimilila. Anakhala pansi, naiwelenganso. Anayang'anitsitsa zidindo zonse ziwili, mpaka kutembenuza pepala kuti aone ngati inki yadutsa.

"Kusenza pamutu," anawelenga mokweza. "Ndani analemba izi?"

"Makolo a kumeneko anafuna zikhalemo."

"Mukanangoti ndi anu, amai, ndikanadziwa bwanji?"

"Simukanadziwa lelo."

ASakala anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya shati, nayang'ana panja pamene ana a giledi seveni anaunjikana pansi pa mtengo akunamizila kuwelenga. Atsikana anali kutsogolo, maso onse ali pazenela. ASakala anavalanso magalasi aja.

"Kalatayi ndipita nayo, ikhale m'faelo," anatelo pomaliza. "Ndipo tsiku loyamba la mayeso ndidzabwela ndekha, osakuuzani ola. Ndikadzapeza mwana mmodzi alibe pokhala, musadzandidandaule."

"Mudzabwele, abambo. Mudzapeza."

Analemba mizele itatu m'mphepete mwa fomu, kumene kunalibe malo ake, ndi zilembo zing'onozing'ono. Kenaka anasaina, nawomba chidindo pa desiki lomwelo.

"Tsopano madzi aja ndimwe."

Amai Mumba anatuma mphunzitsi uja kukatunga. Iwo anatuluka pakhonde, ndipo ana onse pansi pa mtengo anaimilila osauzidwa.

"Mukauze amanu ndi atate anu," anatelo, "kuti asagaye ufa wa paulendo. Mayeso mulembela pano, ndipo muzikagona kwanu."